Nesi ukatopa mpaka mtima kuuma: zoyenera kuchita burnout isanakumalize

Manesi anzanga, pali kutopa kumene kumatha ukagona tulo tabwino, nde pali kutopa kwina kumene olo akupatse ofu ya masiku atatu umabwerera ku wodi uli chimodzimodzi, mwinanso zitaonjeza. Kwachiwiriku, kumene pa Chingerezi amati burnout, ndi kumene ndikufuna tikambirane, chifukwa ambirife timangoti "ndatopa basi" n'kumapitiriza kugwira, mpaka tsiku lina munthu wapereka mankhwala olakwika kapena wangolemba kalata yosiya ntchito imene ankaikonda.

Yambani ndi kudziwa kaye ngati chikukuvutitsanicho ndi burnout kapena ndi kutopa wamba. Christina Maslach, katswiri wa za maganizo wa ku America, ndi mnzake Susan Jackson anatulutsa mafunso oyezera vutoli mu 1981 ndipo mpaka pano ofufuza ambiri akugwiritsabe ntchito omwewo, nde mafunsowo amayang'ana zinthu zitatu. China ndi kutheratu mphamvu, osati za m'miyendo zokha ayi koma za mumtima, moti alamu ikalira umayamba wawerengera maola amene atsala kuti uweruke usanavale n'komwe yunifomu. China ndi kuuma mtima, ndipo ichi ndi chimene chimatichititsa manyazi kuchinena pagulu. Odwala amasiya kukhala anthu amasanduka manambala, "bedi 7 akufuna chaninso", "wa shuga uja wayambanso", m'bale wa wodwala akabwera pa desiki ndi funso labwinobwino iwe umamva mkwiyo ukukwera iye asanamalize n'komwe kulankhula. Chachitatu ndi kuona ngati palibe chaphindu chimene ukuchita, wodwala amene unamulimbikira wachira, akutuluka akuthokoza, iwe osamva kanthu olo pang'ono. Thupi nalo limanena, mutu wosatha, m'mimba kuvuta, kugona osagoneka pamene watopa zedi, kukalipira ana kunyumba pa tinthu topanda pake. Tsiku limodzi loipa aliyense amakhala nalo, zimenezo sizodetsa nkhawa, koma ngati zakhala choncho kwa milungu ingapo musadzinamize kuti zitha zokha.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika burnout m'buku lake la mndandanda wa matenda la ICD-11, koma linanena momveka kuti si matenda, ndi vuto lochokera kuntchito, lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali kumene sikunathetsedwe. Mfundo imeneyi muigwiritsitse chifukwa pali anthu, ena mwa iwo ndi manesi achikulire, amene amakonda kunena kuti ana a masiku ano ndi ofooka, analowa unamwino opanda maitanidwe. Bodza limenelo. Herbert Freudenberger, amene analemba za vutoli mu 1974, anaziona pa anthu ogwira ntchito pa kiliniki yaulere ku New York, ndipo amene ankagwa msanga anali omwe aja odzipereka kwambiri, ofika molawirira n'kuweruka mochedwa. Waulesi burnout simupeza, imupeza bwanji munthu woti sasamala kale.

Manambala nawo akunena zomwezo. Mu 2002 Linda Aiken ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa zipatala 168 za ku Pennsylvania ku America, momwe munali manesi oposa 10,000, nde anapeza kuti wodwala aliyense woonjezera pa nesi mmodzi amakweza mpata woti nesiyo akhale ndi burnout ndi 23 peresenti, komanso mpata woti wodwala wa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30 ndi 7 peresenti. Ku California anachita kuika lamulo mu 1999, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2004, loti nesi wa ku ICU (wodi ya odwala mwakayakaya) asapitirire odwala awiri, ndipo pa wodi wamba kuyambira 2005 asapitirire asanu. Werengani odwala amene munali nawo pa shifiti yanu yomaliza mufananize nokha. Ndipo lipoti la WHO la 2020 linati padziko lonse pakupelewera manesi 5.9 miliyoni, kutanthauza kuti ukamadikira kuti akulembereni anzanu oonjezera kaye nde upume, udikira mpaka kupuma pantchito. Tsono pali mbali ziwiri, zimene ungateteze wekha kuyambira lero, ndi zimene uyenera kukankhira kwa mabwana chifukwa ndi zawo. Amene amakuuzani kuti mungopuma mozama katatu zonse zikhala bwino akukupatsani theka la nkhani, mwinanso osafika theka.

Pa zimene zili m'manja mwanu, tulo ndiye poyambira, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Ofufuza a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa mu 1997 kuti munthu akakhala m'maso maola 17 amagwira ntchito ngati munthu amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Tangoganizani, nesi amene anadzuka m'mawa, wachapa, wakonza m'nyumba, wayendayenda tsiku lonse kenako n'kulowa naiti, ikamakwana 3 koloko usiku akuwerengera dozi ya mwana ali ngati walawako. Nde tsiku lolowa naiti yoyamba mugoneko masana, ola limodzi ndi theka ngati zingatheke, olo tulo tisabwere mungogona chabe m'chipinda cha mdima. Khofi mumwe kumayambiriro kwa shifiti, osati kumapeto, chifukwa pakatha maola pafupifupi asanu theka la kafini limakhala lidakali m'thupi, khofi wa 5 koloko m'mamawa uja ndi amene amakupangitsa kumangotembenuka pabedi 10 koloko. Mukaweruka dzuwa lisakuombeni kwambiri m'maso, magalasi akuda amathandiza, chifukwa kuwala kwa m'mawa kumauza ubongo kuti kwacha dzuka. Kufika kunyumba idyani pang'ono, sambani, katani yochindikala pawindo, foni pa sailenti ndipo ikhale kutali ndi bedi, osati kuyamba kuona Facebook "mphindi zisanu zokha" zimene zimasanduka ola.

Chovuta kwambiri ndi anthu a m'nyumba. Iwo akakuona wagona masana amaona ngati ulipo, nde amagogoda kufunsa kiyi, kufunsa chakuti chili kuti, mlendo wabwera akufuna angokupatsa moni. Khalani nawo pansi tsiku lina lomwe simunatope muwauze kuti 9 koloko m'mawa yanu ndi pakati pa usiku, ndipo pokhapokha nyumba ikupsa kapena mwana wadwala asagogode. Mukamaliza naiti yomaliza musagone tsiku lonse, gonani maola atatu kapena anayi, dzukani masana mutuluke panja, kuti usiku mugone nthawi ya anthu onse, apo ayi ofu yonse imathera kulimbana ndi tulo. Zinthu ziwiri zokha musayerekeze, mowa wofuna kugonera, chifukwa umagonetsa msanga koma tulo take timadukaduka, ndi mapilisi ogonetsa otola m'kabati ya pa wodi. Diazepam wa "lero lokha" wathetsa ntchito za anthu. Ngati mumayendetsa galimoto ndipo maso akulemera, imani penapake mugoneko mphindi 20.

Kenako nkhani ya maola. Kafukufuku wa Ann Rogers wa mu 2004 anapeza kuti nesi akagwira maola 12 ndi theka kapena kuposa, mpata wolakwitsa umakwera pafupifupi katatu. Ndikudziwa kuti lokamu (mashifiti apadera olipidwa) ndi ovataimu ndi zimene zimatseka mabowo kumapeto kwa mwezi, sindinganene kuti musiyiretu, koma dziikireni malire nthawi imene mutu uli bwino, kaya ndi mashifiti awiri pa mwezi kaya atatu, mulembe penapake, chifukwa foni ikalira 6 koloko madzulo a in-charge akuchonderera kuti wina sanabwere simungaganize bwino, mumangovomera. Kukana kwake kusakhale ndi nkhani zambiri. "Sista pepani, mawa sindikwanitsa, ndachita manaiti atatu otsatizana, koma Lachisanu ndingathe." Basi. Mukayamba kufotokoza zifukwa zisanu amakuthetserani chimodzichimodzi mpaka mutsala opanda chonena. Ndipo muzindikire kuti pa wodi iliyonse pali munthu mmodzi amene amayamba kuimbiridwa chifukwa sakana, ngati ndi inuyo ndiye rosita yonse yatsamira pa inu, ndipo tsiku limene mudzadwale adzangoimbira wotsatira.

Mkati mwa shifiti momwemo muli tizinthu tooneka tating'ono. Ili 3 koloko usiku, dripu ya bedi lakumapeto yatha, kanyula ya agogo aja yatuluka magazi ali pa shiti, wina akuitana, kwinaku akubweretsa wodwala watsopano pa tirole, iwe mkodzo unaumva 11 koloko mpaka wasiya kuumva, botolo la madzi lili m'chikwama losatsegula n'komwe. Ambiri timanyadira zimenezi ngati ndi umboni wolimbikira. Si umboni wa chilichonse, ndi njira yopezera matenda a chikhodzodzo ndi mutu. Buleki siibwera yokha, ukamadikira kuti pakhale phee nde upite supita. Mukangolandira handova gwirizanani pomwepo kuti uje apita nthawi yakuti, ine nthawi yakuti, ndipo amene watsala adziwe odwala awiri atatu ofunika kuwayang'anitsitsa. Buleki yake mutuluke mu wodi, olo mphindi 15, chifukwa ukadyera pa desiki aliyense wodutsa amakuona kuti ulipo. Ngati malamulo a chipatala chanu amalola kugonako pa buleki ya usiku, mphindi 20 zimakwana, kupitirira apo umadzuka mutu uli zii.

Tsiku limene odwala achuluka kuposa manja, tengani kapepala mulembe amene angafe mukachedwa, amene angavulale, ndi zimene zingadikire. Zina sizichitika ndithu, ndipo nkwabwino kuti musankhe nokha zimene zitsale kusiyana ndi kuti zitsale mwangozi. Zotsalazo muzinene poyera pa handova, chipatala chimagwira maola 24, sikuti zonse zithere pa inu.

Handova yomweyo ndi imene imathandizanso kuti ntchito isakutsateni kunyumba. Uja amagona n'kudzidzimuka kuti kodi ndinanena za potaziyamu wa bedi 3, kawirikawiri ndi amene anapereka handova ya m'mutu. Lembani, tsatirani ndondomeko imodzi tsiku lililonse, kaya ndi SBAR (kunena vuto, mbiri ya wodwala, zimene mwapeza, ndi zoyenera kuchita) kaya ina imene wodi yanu imagwiritsa ntchito, mukamaliza funsani wolandirayo ngati pali chosamveka, kenako vulani yunifomu muzipita. Gulu la WhatsApp la pa wodi litsekeni mawu mukakhala pa ofu, chinthu chachangu zedi adzakuimbirani. Ndipo pa ofu pakhale chinthu chimodzi chimene sichikhudza chipatala ndi pang'ono pomwe, kuyenda, kuimba, mpira, kucheza ndi mnzanu amene sadziwa kusiyana kwa kanyula ndi katheta, chifukwa manesi tikakumana tokhatokha nkhani imathera pa wodi.

Pali kutopa kwina kumene tulo sitingathetse. Ndi kumene kumabwera ukadziwa bwinobwino chimene wodwala akufunika koma sungathe kumupatsa, okosijeni ndi mmodzi odwala ndi awiri, mankhwala atha, dokotala sakuyankha foni, kapena unali ndi wina pamene uyu amatsirizika yekha. Andrew Jameton analemba za kuwawa kumeneku mu 1984, ndipo mu 2000 dokotala Albert Wu analemba kuti wachipatala amene walakwitsa naye amavulala mumtima, kungoti palibe amamuyang'ana. Zikachitika zoterezi musanyamule nokha n'kupita nazo kunyumba. Shifiti isanathe pezani mphindi khumi ndi amene munali nawo, munene zimene zinachitika mmene zinachitikira, chimene chinali m'manja mwanu ndi chimene sichinali. Kusiyanitsa ziwirizi kumathandiza kwambiri, chifukwa usiku mutu umazisakaniza n'kukuuza kuti zonse ndi iwe. Ngati mwalakwitsadi mankhwala nenani nthawi yomweyo, wodwala athandizidwe, fomu ilembedwe. Kubisa kumadya munthu kwa zaka. Ndipo mnzanu akalakwitsa, makamaka amene angotuluka kumene kusukulu, musamupange nkhani ya pa tiyi, mawa ndi inu.

Tsopano mbali ya mabwana. Kudandaula m'chipinda chosinthira zovala kumapepula mtima koma sikusintha rosita. Chimene chimagwira ntchito ndi zolemba. Kwa mwezi umodzi lembani m'kabuku tsiku, shifiti, odwala angati, manesi angati, munaweruka nthawi yanji, buleki inalipo kapena ayi, ndi chimene chinalephereka chifukwa cha kuchepa kwa anthu, monga mankhwala a 10 koloko kuperekedwa 12, kapena wodwala kusatembenuzidwa. Mayina a odwala musalembe, ndipo zimenezi si zoika pa intaneti. Mukapita kwa a in-charge musapite nokha, chala chimodzi sichiswa nsabwe, pitani awiri atatu, ndipo mupite ndi pempho lenileni loti angathe kuyankha eya kapena ayi. Mukati "Sista tatopa" adzati nanenso ndatopa, nkhani yathera pomwepo. Koma mukati "Sista, mwezi uno manaiti 9 tinali awiri pa odwala oposa 40, tikupempha kuti manaiti otsatizana asapitirire atatu ndipo rosita izituluka milungu iwiri isanayambe", apo pali choti akambirane. Zikakanika pitani kwa ametroni ndi kalata, musunge kope yake, kenako kubungwe loimira manesi ngati muli mamembala. Kalata imeneyo imakutetezaninso tsiku limene chinachake chidzalakwike n'kuyamba kufunsana kuti munanenapo liti.

Musaganize kuti chilichonse chimafuna ndalama. Maslach ndi Michael Leiter anatchula mbali zisanu ndi imodzi zimene zimabweretsa burnout, kuchuluka kwa ntchito ndi imodzi chabe, zina ndi kusakhala ndi mawu pa ntchito yako, kusayamikiridwa, kusagwirizana ndi anzako, kukondera, ndi kukakamizika kuchita zosemphana ndi chikumbumtima chako. Ine ndimaona kuti kukondera ndi kumene kumapha wodi msanga kuposa kuchuluka kwa odwala. Anthu amapirira wodi yodzaza, koma sapirira kuona kuti munthu yemweyemweyo ndi amene amapeza ofu ya wikendi ndi maphunziro onse. Ngati inuyo ndinu in-charge, ikani poyera amene wagwira mawikendi angati ndi manaiti angati, lolani anthu kusinthana mashifiti popanda kugwada, ndipo nesi wabwino akayamba kuchedwa, kukwiya msanga kapena kudwaladwala, mumuitanire pambali mumufunse kuti zikuyenda bwanji musanatulutse kalata yochenjeza.

Chinthu china chosafunika kuchinyalanyaza ndi chakuti burnout ndi matenda a kukhumudwa, aja a depression, zimafanana ndipo nthawi zina zimabwera limodzi. Burnout kawirikawiri imapepukako ukatalikirana ndi ntchito, umatha kuseka ukakhala kwina. Koma ngati kwa milungu iwiri kapena kuposa palibe chikukusangalatsani olo kunyumba, chakudya sichikulowa, mukudziona wachabechabe, pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo, ndipo ngati mukuopa kuti nkhani ifala pitani chipatala china chimene sakudziwani. Akuyezeninso magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi, shuga ndi vuto la chithokomiro nazo zimatopetsa chimodzimodzi, ndipo manesi ndife akatswiri odziyeza tokha m'mutu n'kudzilembera panado. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, imeneyo si nkhani yodikira ofu, uzani munthu tsiku lomwelo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo makiyi a kabati ya mankhwala mupatse wina. Mukaona zizindikiro zimenezi pa mnzanu mufunseni mosapita m'mbali, kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu.

Tchuthi tengani, musamachisunge kapena kuchigulitsa, koma mudziwe kuti mpumulo wake umatha pakangopita milungu yochepa ngati mwabwerera ku rosita yomweyo, nde musanapite ku tchuthi yambani mwakambirana chimene chisinthe mukabwera. Ngati mwayesa zonsezi kwa miyezi ndipo palibe chikusuntha, kusintha wodi si kuthawa. Wina amene watheratu ku ICU kapena ku wodi ya ana amatsitsimuka ku kiliniki ya odwala oyendera, ku fiyeta, kapena kophunzitsa, ndipo ndi bwino kupempha kusamutsidwa mbiri yanu idakali yabwino kusiyana ndi kudikira mpaka mutalakwitsa chachikulu. Kungoti musasamuke mwaphuma tsiku limene mwakwiya. Pezani nesi wa kumene mukufuna kupitako, osati bwana wake ayi koma nesi wamba, mumufunse kuti amaweruka nthawi yanji zenizeni, buleki amapita kapena imangolembedwa papepala, rosita amalemba ndani, ndipo chaka chathachi achokako anthu angati.